Batire la rimoti ya kireni: la jenuwini, la pa intaneti kapena losintha maselo?

Ndimayendetsa lole ya kireni ya Palfinger kuno ku Mangochi. Ntchito zanga ndi kutsitsa mathanki a madzi m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, kunyamula injini za maboti ku Monkey Bay, nthawi zina kukwera ndi simenti mapiri a ku Namwera. Rimoti yanga yoyendetsera kireniyo ndi ya kampani ya Scanreco, batire lake ndi lotchaja la mtundu wa NiMH, la 7.2V. Ndagwiritsapo ntchito mitundu itatu ya mabatire, ndiye anzanga a makireni amene mukufuna kugula, tamvani mmene ndinawaonera.

Ambiri amafunsa kuti batire limakhala maola angati. Ine ndimafunsa kuti limafa bwanji. Rimoti ikathima, kireni imaima pomwepo, ndipo ndi mmene anaipangira kuti katundu asagwere munthu. Koma katunduyo amatsala m'malere. Zinandichitikira mu Julayi, mwera ukuwomba, injini ili lendelende pamwamba pa boti. Mwini wake anangogwira kumutu n'kunena kuti, "Achimwene, mwatipha." Batire limene linali m'rimoti tsikulo linali la pa intaneti, ndipo silinachenjeze. Linangothima ngati nyali yatha mafuta.

La jenuwini silichita zimenezi. Mphamvu ikamatha rimoti imachenjeza nthawi ikadalipo, mumatsitsa katundu bwinobwino kenako n'kusintha. Limalowa m'malo mwake ndi kugwira nganganga, siligwedera ngakhale lamba wa rimoti akukoka m'chiuno tsiku lonse. Vuto lake ndi thumba. Ndi lodula kwambiri, pa boma simungalipeze, ndipo langa ndinachita kuitanitsa ku Johannesburg. Ndi kusowa kwa ndalama zakunjaku, munthu umadikira mpaka kuiwala kuti unaitanitsa kanthu. Likafika onani deti limene linapangidwa, chifukwa batire la NiMH limakalamba ngakhale lili pa shelefu.

La pa intaneti ndi limene lili ndi nkhani zambiri. Mtengo wa la jenuwini limodzi mungagulire angapo, ndipo sindinganame, si onse oipa. Ndili nalo lina limene likugwirabe ntchito mpaka lero. Koma kugula kwake kuli ngati kugula nsomba usiku. La jenuwini analemba 2000mAh (muyeso wa mphamvu imene batire limasunga), pomwe ena a pa intaneti amalemba 3000mAh pa chikhokho cha saizi yomweyo. Selo imodzi ya NiMH (kabatire kakang'ono ka mkati mwa chikhokho) ndi 1.2V, ndiye kuti mkatimo muli maselo 6 basi, malo ake ndi omwewo. Mphamvu yowonjezerayo akuiika pati? Ine ndimalinyamula m'manja n'kuliyerekeza ndi lakale. Likapepuka, ndiye kuti nambalayo ndi ya pa sitika chabe.

Chachiwiri ndi chikhokho. Lija linathima tsiku la mwera, nditalifufuza pambuyo pake, ndinapeza kuti linali lisanathe n'komwe mphamvu. Chikhokho chake chinali chochepa pang'ono, moti likagwedezeka tizitsulo take timasiyana ndi ta rimoti. Kwa milungu ingapo ndinkapanikiza ndi kapepala kopinda, zinthu zochititsa manyazi pa makina onyamula matani. Ndipo chenjerani ndi amene analembedwa Li-ion, mtundu wina wa batire wosiyana ndi NiMH. Voteji yake imafanana ndithu, koma tchaja ya NiMH siyenera kutchaja Li-ion. Lingathe kufufuma kapena kuyaka, ndipo tchajayo imakhala m'kebini momwe mwakhala inu.

Njira yachitatu ndi yathu yachimalawi: kutsegula chikhokho cha jenuwini chakale n'kuikamo maselo atsopano. Ubwino wake ndi woti chikhokhocho chimagwira bwino m'rimoti monga kale. Zonse zimadalira mmisiri. Woyamba amene ndinamupatsa analumikiza maselo ndi chowotcherera cha mafoni chija, kutentha kwake kunawononga maselo, batire silinakhalitse. Wachiwiri anali ndi spot welder (makina olumikizira maselo osawatenthetsa kwambiri) ndi tizitsulo ta nickel, anaika maselo 6 a mtundu umodzi ogulidwa limodzi, n'kumata chikhokho kuti fumbi ndi mvula zisalowe. Limenelo ndi lachiwiri kwa la jenuwini. Mukapeza kachipangizo kakang'ono koteteza batire mkatimo, muuzeni mmisiri asakachotse, ena amakataya poganiza kuti n'kopanda ntchito.

Pali mdani mmodzi amene sasankha mtundu: dzuwa lathu la ku Mangochi. Mu Okutobala, batire losiyidwa pa dashibodi magalasi ali otseka limapsa moti simungaligwire. NiMH ikatentha imataya mphamvu yokha msanga ngakhale isakugwira ntchito, ndipo kuitchaja ikadali yotentha kumaifupikitsa moyo. La jenuwini langa loyamba ndinalipha ndekha chonchi, kenako n'kumadandaula za mtengo. Masiku ano ndimalisiya lizizire kuseri kwa mpando ndisanaliike pa tchaja. Tchajayo imadya ku batire la lole, choncho kuthimathima kwa magetsi sikundikhudza.

Panopa la jenuwini ndi la ntchito zoopsa, monga injini pamwamba pa madzi kapena katundu wodutsa pamwamba pa denga la munthu. Losintha maselo limakhala pa tchaja kudikira, ndipo limagwira ntchito za tsiku ndi tsiku. La pa intaneti labwino lija ndi la simenti ndi njerwa pa bwalo poyera. Chingwe cholumikiza rimoti ku kireni batire likafa, chimene ndinachisiya kunyumba tsiku la mwera lija, tsopano chimagona pansi pa mpando wa wothandizira wanga, ndipo m'mawa uliwonse tisanalize injini ndimamufunsa ngati chilipo.