Kalavani yogona anthu asanu, itaona dzuwa, mvula ndi chisanu

Kalavani yathu, kanyumba kogonamo paulendo kokokedwa ndi galimoto, tinaigula yogwirapo kale ntchito, kwa wogulitsa wina kuno ku Yorkshire, ku England. Ndi ya matayala awiri, yogona anthu asanu. Pofika pano yaona dzuwa la ku Whitby, mvula ya ku Lake District, ndipo yatha nyengo yonse yachisanu ili chiimire pamalo osungirako. Kayalidwe ka m'kati mwake ndikhoza kukasankhanso mawa lomwe. Kamangidwe kake nkomwe kamafuna munthu wokhala ndi sikuludiraiva m'manja nthawi zonse.

Kutsogolo kuli mipando iwiri yaitali yomwe usiku imasanduka bedi la ine ndi mayi a kunyumba. Pakati pali khitchini, moyang'anana ndi katebulo ka anthu awiri komwenso kamasanduka bedi. Kumbuyo kuli mabedi awiri osanjikiza ndi bafa. Ku chionetsero cha makalavani cha ku NEC, malo aakulu a zionetsero ku Birmingham, anthu ambiri amaunjikana pa makalavani okhala ndi bedi lalikulu lokhazikika, loyalidwa bwino ngati mu hotela, ndipo nafenso tinalisirira. Koma bedi lotero limadya malo usana wonse pomwe palibe wogonapo, ndipo ife tili ndi ana atatu.

Ubwino wa mabedi osanjikiza unaonekera pafupi ndi tauni ya Keswick, ku Lake District, tsiku lomwe mvula inayamba m'mamawa osakata mpaka mdima. Ana awiri akuluwo aliyense analowa pabedi pake, natseka katani. Bedi lililonse lili ndi kawindo ndi kagetsi kake, ndiye panalibe zoti "wandiponda" kapena "wanditchinga". Wamng'ono anali pa katebulo kujambula, ife kutsogolo ndi tiyi. Anthu asanu m'kachipinda kosakwana mamita asanu ndi limodzi, koma osamenyana zigongono.

Mtengo wake timalipira usiku. Kusolola timatabwa, kutembenuza makushoni, kuyala, ndipo m'mawa kubwezera zonse musanamwe tiyi. Pomwe makushoni akumana pamakhala ndendende pa chiuno. Tinagula kamatiresi kopyapyala koyala pamwamba, kanathandiza, koma masana nako kamafuna posungidwa. Wamng'ono akagona pa bedi la pakati lija njira imachepa, ndiye wopita kuchimbudzi usiku amayenda chammbali. Chinanso, bedi lapamwamba lili ndi malire a kulemera kwa wogonapo, olembedwa pa kapepala komatidwa m'mbali. Muwerenge kapepalako ndipo mumugoneke mwana wanu wamkulu pabedipo musanapereke ndalama. Wathu mapazi atsala pang'ono kugunda khoma.

Khitchini anaipangira anthu ofunditsa nyemba za m'chitini. Mbaula ili ndi malo atatu a gasi ndi amodzi a magetsi, koma mukangoika poto wa nsima ya anthu asanu, malo awiri atha. Ndiwo timayamba taphika, nkuziika pambali. Pofika povundula, kalavani yonse imagwedezeka motsatira mthiko, makapu kulira m'kabati, ngakhale miyendo inayi ya m'makona mutaitsitsa bwino. Miyendoyo ndi yongochirikiza, si jeki, musaikakamize kunyamula kalavani. Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi nthunzi: phala likamabwata, mawindo onse amachita thukuta. Masiku ano timatsegula windo la khitchini ndi la padenga, kaya kuzizire, kapena kuphikira panja mu awning, tenti yolumikiza m'mbali mwa kalavani.

Shawa sitiigwiritsa ntchito kwenikweni. Aquaroll, mgolo wogubuduza wotungira madzi, imatenga malita 40, ndipo anthu asanu akasamba mungakhalire kugubuduza mgolo kupita kumpope. Yasanduka poyanika majekete onyowa ndi nsapato zamatope, ntchito yomwe imaigwira bwino zedi. Chimbudzi chokha ndiye sitingachisiye, makamaka pa timalo ta m'mafamu ta kalabu ya eni makalavani ya Caravan and Motorhome Club, totchedwa Certified Locations, tomwe timalandira makalavani osapitirira asanu ndipo tambiri tilibe mabafa.

Nkhani ya kulemera ndi yomwe ogulitsa amaidutsa mothamanga. Kalavani iliyonse ili ndi manambala awiri: MIRO, kulemera kwake isanapakiridwe katundu wanu, ndi MTPLM, malire omwe siyenera kupitirira. Yathu malire ake ndi pafupifupi makilogalamu 1,500, ndipo pakati pa manambala awiriwa pali makilogalamu ongopitirira 150. Batire ndi motor mover, kamakina koyendetsa kalavani ndi rimoti ikamasulidwa kugalimoto, zimadyapo kale makilogalamu oposa 50. Otsalawo ndi a zofunda, mapoto, zovala za anthu asanu ndi thumba la ufa. Awning imakwera m'galimoto basi. Kuyambira mu Disembala 2021, laisensi wamba ya galimoto ku Great Britain imalola kukoka ngolo yofika makilogalamu 3,500 popanda mayeso ena, koma makalabu amalangizabe woyamba kumene kuti kalavani yodzaza isapose 85 peresenti ya kulemera kwa galimoto. Yathu ili m'malire amenewo, ndipo pa liwiro lololedwa, mamailosi 60 pa ola pa misewu ikuluikulu ya motorway ndi 50 pa misewu wamba ya kunja kwa tauni, imatsatira mwaulemu. Imangogwedezeka pang'ono lole ikamadutsa.

Kupepuka komweku nkomwe kumafotokoza kamangidwe. Makabati ndi a timatabwa topyapyala tokutidwa ndi pepala looneka ngati mtengo, ndipo sikuluwu ilibe pogwira penipeni. Mahinjesi a chitseko cha bafa akhala akumasuka. Dirowa ya masipuni inatseguka tili pamsewu, tinakapeza mafoloko ali mbwee pansi. Pamwamba pa ketulo pepala lija layamba kusupuka. Katani yotchinga dzuwa ya windo lakutsogolo sibwereranso yokha. Palibe chachikulu pa zonsezi, guluu ndi masikuluwu okulirapo zimathetsa, koma pa ndalama zomwe zinthuzi zimagulidwa, munthu umadandaula ndithu. Zomwe zili pansi ndi zolimba: chasisi chilibe dzimbiri, pansi sipanefuka mukaponda, ndipo hita imatenthetsa bwino. Tinangosintha gasi kuchoka ku butane kupita ku propane, chifukwa butane amaleka kutuluka bwino kuzizira kukayandikira 0 digiri.

Chomwe chimapha kalavani ku England ndi chinyontho. Madzi amalowera pomwe zomatira zauma, m'mbali mwa mawindo ndi m'mizere ya denga, nkumaoletsa khoma m'kati kunja kukuwala bwinobwino. Pa sevisi ya pachaka makaniko amayeza makoma ndi kachipangizo: pansi pa 15 peresenti palibe vuto, kupitirira 20 ndiye kuti pafunika kufufuza. Yathu inapezeka yokwera pakona imodzi ya windo lakutsogolo, pomwe ine ndi maso sindinaone kanthu, fungo lokha la nkhungu mukatsegula kabati ya pamenepo. Wogulitsa anavomera kukonza pa waranti, koma tinadikira masabata ambiri kuti apeze mpata, ndipo ulendo wa Isitala unafera pomwepo. Mukamagula, pemphani mapepala a sevisi a zaka zonse ndi lipoti la chinyontho laposachedwa, yerekezani nambala ya CRiS (yolembetsera kalavani) ya pamawindo ndi ya pachasisi, ndipo muone manambala anayi a pa tayala osonyeza sabata ndi chaka chomwe linapangidwa. Matayala a kalavani amakalamba mapanga ake asanathe, ndipo athu tinawasintha chifukwa anali atadutsa zaka zisanu.

Windo lija analimata, ndipo muyezo wachiwiri unatsika. Kalavaniyi tiisunga mpaka mnyamata wamkulu atalephera kukwana pabedi lake, kenaka tidzaona ngati tigule ina kapena timugulire tenti yogona pambali.