Ndemanga: Ulendo wapansi woona mudzi wa asamurai ku Kanazawa (nyenyezi 4 mwa 5)

Tinalipira kampani ina yoperekeza alendo kuti itiyendetse theka la tsiku mumzinda wa Kanazawa ku Japan. Nyenyezi imene ndachotsayo ndachotsera kampaniyo. Mayi amene anatiperekeza ndilibe nawo mangawa, ntchito yawo amaidziwa.

Kufika sikuvuta. Sitima yothamanga ya Hokuriku Shinkansen, imene inayamba kufika kumeneko mu 2015, imatenga maola pafupifupi awiri ndi theka kuchokera ku Tokyo.

Ngati mukuyembekezera linga lalitali la olamulira akale ngati la mumzinda wa Himeji, dziwiranitu kuti kulibe. Nsanja yaikulu ya linga la mumzindawu, Kanazawa Castle, inapsa ndi mphezi mu 1602 ndipo sinamangidwenso, kenako moto wa mu 1881 unanyeketsa zambiri zotsala. Nyumba yaitali ya Gojikken Nagaya anaimanganso mu 2001. Chimodzi mwa zakale zenizeni ndi chipata cha Ishikawa-mon cha mu 1788. Mayiwo sanatibisire zimenezi, ndipo anatilozera denga lotuwa lija n'kutiuza kuti matailosi ake ndi a mtovu.

Ndalama yathu inagwira ntchito titalowa m'dera la Nagamachi, kumene kunkakhala asamurai, ankhondo akale a ku Japan, otumikira banja la Maeda, lomwe linayamba kulamulira mzindawu mu 1583. Mabomba a Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse sanagwe ku Kanazawa, n'chifukwa chake timisewu takale tidakalipo. Panokha mungangoona makoma adothi n'kudutsa. Mayiwo anatifotokozera kuti tinjira timeneti anatikhotetsa dala, tina n'kukathera pakhoma, kuti mdani asochere asanafike ku linga. Chuma cha a Maeda ankachiwerengera mu mpunga, makoku oposa 1 miliyoni, ndipo koku imodzi ndi mpunga wokwanira munthu mmodzi chaka chathunthu. Samurai aliyense malipiro ake anali mu makoku, ndipo kukula kwa bwalo lake ndi chipata chake kunkatsatira udindo wake. Nyengo yachisanu makomawo amawafunditsa mphasa zaudzu kuti chipale chisawang'ambe, monga mmene munthu amatetezera khoma la njerwa zosaotcha mvula ikayandikira.

Kunyumba ya banja la Nomura mumavula nsapato pakhomo, ndipo chokulandirani ndi chovala chankhondo cha samurai. Dimba lake ndi laling'ono koma lokonzedwa mwaluso, madzi odzaza nsomba za koi akufika mpaka m'mphepete mwa khonde.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi nyumba za ashigaru, asilikali wamba oyenda pansi. Tizipinda tochepa, khitchini yamdima, kadimba kamasamba kuseri, mpanda wa zomera m'malo mwa khoma. Apa m'pamene umaona kuti ambiri onyamula zida sanali mabwana ayi, anali anthu opanikizika ndi moyo. Tsoka lake sitinakhalitsemo. Mayiwo amangoyang'ana wotchi, poti ndondomeko ya kampani imafuna kuti tikafike kusitolo yogulitsa zinthu zokutidwa ndi golide. N'zoona kuti pafupifupi golide yense wopyapyala wa ku Japan amasulidwa ku Kanazawa, koma kusitoloko sanationetse kasulidwe kake, amangotitsatsa malonda. Ayisikilimu wokutidwa ndi golide ndinamulawa. Golideyo alibe kakomedwe kalikonse, ndi wojambulitsa basi.

Dimba la Kenroku-en linali pomalizira, dzuwa lili paliwombo, anthu ali pikitipikiti. Ndi bwino kupitako panokha m'mawa.

Ulendowu ndiwoyenera kulipira ngati mbiri imakusangalatsani, koma polembetsa funsani ngati mungadumphe sitoloyo kuti nthawiyo muithere ku Nagamachi. Valani nsapato zosavuta kuvula ndi masokosi osabooka. Ambulera musaisiye kuhotelo: eni mzindawo amati bola kuiwala kamba wapaulendo kusiyana ndi ambulera, ndipo ife mvula inatipezadi tikutuluka kwa Nomura.