Mipikisano ya NHRA pa TV: yapompopompo kapena yojambulidwa kale?

NHRA ndi bungwe la ku America loyendetsa mipikisano yomwe magalimoto amathamangitsana awiriawiri pamsewu waufupi wowongoka. Galimoto ya Top Fuel, gulu lothamanga kwambiri, imadutsa mamita 305 m'masekondi osakwana 4, pa liwiro loposa makilomita 500 pa ola. Mutu wa anthu a TV umapwetekera pomwepo: kuthamanga n'kwakanthawi, kudikira ndiye kwautali.

Yapompopompo imakoma chifukwa wopambana sadziwika. Koma injini ikaphulika n'kumwaza oilo mumsewu, zonse zimaima mpaka atayeretsa, ndipo owulutsa amangodzaza mpata ndi macheza komanso malonda.

Yojambulidwa kale imadula zonsezo. M'nthawi ya kanema wa ESPN, NHRA isanasamukire ku kanema wa Fox mu 2016, mipikisano yambiri inkaonetsedwa motero, itatha kale. Lero zotsatira zimayamba zafika pa Facebook, ndiye ukuoneranji? Choipa china n'choti odula amakonda kutaya magulu ang'onoang'ono a Sportsman, pamodzi ndi zomwe okonda masewerawa amazifunadi: amakaniko ali thukuta kamukamu, akuphwasula injini yonse n'kuimanganso galimoto isanabwerere pamzere.

Ine ndisankha yapompopompo, bola owulutsa azichepetsako pakamwa magalimoto akamanyamuka, ndipo kamera izionetsa onse awiri mpaka kumapeto.