Kudula chipsepse kapena kuyeza DNA: nsomba zothira tiziyeza bwanji?

Nyanja ya Chilwa ikaphwa, monga inachitira mu 1995 ndi 2018, sipalephera womveka akuti titenge mbewu ya makumba kumaiwe owetera nsomba a ku Domasi tikathiremo. Ku Ulaya ndi ku America akhala akuthira ana a salmon (nsomba yobadwira mumtsinje n'kukakulira kunyanja yamchere) m'mitsinje kwa zaka zoposa 100, ndipo mwa njira zawo zoonera ngati zikupindula pali ziwiri izi.

Ina ndi yodula chipsepse. Salmon ili ndi kachipsepse kofewa, kopanda minga, pamsana chakumchira. Asanathire kamwana mumtsinje amakadula kachipsepseko ndi sizasi, ndipo akadula bwino sikameranso. Nsombayo ikadzabwerako kunyanja yamchere itakula, msodzi amangoitembenuza m'manja n'kudziwa kuti iyi njoweta. Njirayi njotchipa, koma imangokuuzani kuti zoweta zabwerako zingati, basi. Kuno ingativutenso: trout za pa phiri la Zomba kachipsepseko zili nako, koma makumba, matemba ndi milamba ayi.

Inayo ndi ya DNA, chizindikiro cha m'thupi chomwe mwana amatengera kwa makolo ake. Amasunga kachidutswa ka chipsepse cha kholo lililonse, ndiye ana akadzabwerako amawayeza n'kudziwa mayi ndi bambo wawo. Imafuna labu, ndalama ndi kudikira mibadwo ingapo ya nsomba. Komatu ndi yomweyi inaulula zomwe sizasi sakanaona. Mu 2007 ofufuza pa mtsinje wa Hood ku Oregon, ku America, anapeza kuti steelhead, yomwe ndi mtundu umodzi ndi rainbow trout, kubereka kwake mumtsinje kumatsika ndi pafupifupi 40 peresenti pa m'badwo uliwonse woleredwa m'dziwe. M'dziwemo zomwe zimapulumuka ndi zozolowera kuthithikana ndi kudya zoponyeredwa, ndipo zikaswana ndi zamumtsinje, ana amatengera ufooko umenewo. Msodzi amaona ukonde wadzaza, pomwe mbewu yeniyeni ikutha. Mu 2014 a Natural Resources Wales, bungwe loyang'anira zachilengedwe ku Wales, anaganiza zosiya kuthira salmon, mphamvu n'kuziika pokonza mitsinje.

Ine mukandifunsa, DNA ndiyo imayankha funso lofunika, loti zamumtsinje zikuchuluka kapena ayi. Kungoti kwa Chilwa ndalama ya labu ndingaiyambe ndaika pa alonda a mathamanda a m'Likangala ndi m'Domasi, momwe nsomba zimathawira nyanja ikauma. Ndi zotsala mmenemo zimene zimadzaswananso madzi akabwerera, bola anthu asazithere ndi katupe ndi maneti a udzudzu m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala.