Miyezi 14 ya lendi padoko la ku Cahora Bassa

Ndinalonjeza kuti ndidzabwera kudzanena za malo omwe ndimakocheza kanyumba kanga koyandama, kaja kokhala pa migolo, kufupi ndi Chicoa, panyanja ya Cahora Bassa ku Mozambique. Chaka chatha ndinkayamikira kuti mtengo ndi wabwino, mlonda alipo usiku wonse, ndipo magetsi a sola sandivuta. Zimenezo sizinasinthe. Chasintha ndi maganizo anga pa pepala lomwe ndinasaina.

Pangano linalembedwa m'Chipwitikizi, masamba awiri. Linatchula lendi ya pamwezi m'ma meticais, chikole cha miyezi iwiri, ndi malo anga: pakati pa zikhomo ziwiri zachitsulo. Za kuphwa kwa madzi silinanene kanthu. Ine wa ku Angónia, wokulira m'minda ya mbatatesi, sindinaganizeko n'komwe. Chilala cha 2024 chitafika, nyanja inabwerera m'mbuyo, zikhomo zija zinatsala pamtunda, mbuzi n'kumadya msipu pomwe ndinkaponya nangula. Ndinakankhira nyumba kumadzi akuya, komwe mvuu zimafwenthera pansi pa zenera, koma lendi ndinkalipirabe yonse.

Nditadandaula, mwini doko anangoti, "Achimwene, madzi si anga, amatsegula ndi a kudamu." Sananame. Damu la Cahora Bassa ku Songo amayendetsa ndi a HCB, kampani yopanga magetsi padamupo, ndipo mwini doko alibe mawu pamenepo. Koma mlamu wanga, yemwe amadziwako za malamulo, anandiuza chinthu chomwe chinandiziziritsa nkhongono. Lamulo la malo la 1997 limati nthaka yonse ya Mozambique ndi ya boma, ndipo mamita 250 ozungulira nyanja ya damu ndi malo otetezedwa. Pamenepo munthu sapatsidwa DUAT, ufulu wogwiritsa ntchito malo womwe boma limapereka, amangopatsidwa chilolezo chapadera. Ndiye kuti amene ankandibwereketsa gombe nayenso ndi wongololedwa, ndipo chilolezo chake chikatha, pepala langa lasanduka lokulungira kapenta.

Pokonzanso pangano ndinaumirira kuona chilolezocho ndi maso anga, tsiku lotha ntchito lomwe. Tinalembanso kuti madzi akachoka pazikhomo andipatse malo ena, apo ayi lendi itsike. Nkhani ya yemwe alipire chingwe chikaduka nyumba n'kukagunda boti la mnzanga tinakangana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo yagwera ine. Chikole akuti adzabweza pasanathe mwezi ndikadzachoka, tidzaona pomwepo.

Ndikhalabe, chifukwa mlonda wa pano sagona. Zingwe ndagula zatsopano ziwiri ku Tete.