Miyezi 14 ndi Datejust ya golide wofiirira ndi chitsulo

Tsiku lomwe mayi anga anaiona koyamba wotchi yanga ya Rolex, anandigwira mkono, kuutembenuza uku ndi uku, kenako n'kufunsa kuti, "Mwananga, ndalama zonse umanena zija wagulira mkuwa?" Ndinaseka, koma sanaphonye kwenikweni. Golide wa 18 carat amakhala ndi magawo 750 a golide weniweni pa magawo 1,000, ndipo chomwe chimamufiiritsa ndi mkuwa womwewo. A Rolex golide wawo wofiirira amamutcha Everose. Anamutulutsa mu 2005, ndipo anathiramo pang'ono chitsulo chamtengo wapatali chotchedwa platinum kuti kufiirirako kusamafwifwe. Pa miyezi 14 yomwe ndaivala, kusamba nayo, kutuluka nayo thukuta, mtundu wake ukadali momwe unalili tsiku logula.

Yanga ndi Datejust 36, kutanthauza yaikulu mamilimita 36, nambala 126231, ya lamba wa Jubilee. Ndinaigula kuno ku Johannesburg nditazengereza nthawi yaitali pakati pa iyi ndi inzake ya golide wachikasu. Ndinaziyesa zonse ziwiri pamkono. Yachikasu inkafuula. Pakhungu lakuda ngati langali inkaoneka ngati yaikidwa pamwamba kuti anthu aione, pomwe yofiirira inkangolowerera, kumaoneka ngati ndakhala nayo kalekale. Ndinasankha pa chifukwa chimenecho basi, ndipo mpaka lero sindinanong'onezepo bondo.

Chomwe sindinachiganizire bwino ndi chakuti zitsulo ziwirizi sizikalamba mofanana. Mfundo za m'mbali mwa lamba ndi zachitsulo chomwe amachitcha 904L, chosanyezimira kwambiri, ndipo chikakhudzana ndi tebulo palibe chimaoneka. Mfundo zitatu zapakati ndi zagolide wopukutidwa mbee ngati galasi. Golide ndi wofewa. Sabata yachiwiri yokha ndinaona kamzere koyamba pa chomangira cha lamba, pomwe mkono umagona patebulo ndikamalemba pa kompyuta. Usiku umenewo ndinakhala pansi pa nyali kumakayang'ana kamzereko ngati mwana wanga wavulala. Pofika mwezi wachitatu timizere tinali tambirimbiri, ndipo chodabwitsa n'chakuti titachuluka tinasiya kuoneka patokhapatokha. Golide wa pachomangira anangosanduka wofatsa, wowala pang'ono ngati mphete yaukwati ya agogo. Tsopano ndimamukonda choncho kuposa momwe analili watsopano.

Apa ndipomwe lamba wa Jubilee anandipulumutsa. Mfundo zake n'zazing'ono komanso zozungulira, ndiye kuwala kumabalalika ndipo kukandika kumabisika. Mnzanga wa kuntchito ali ndi yazitsulo ziwiri ya lamba wa Oyster, wa mfundo zazikulu zosalala, ndipo pa yake kamzere kalikonse kamaonekera uli patali. Mkombero wa manomano wozungulira galasi nawonso sunasinthe, kungoti m'mipata mwake mumalowa litsiro. Mswachi wofewa, sopo ndi madzi ofunda kamodzi pa masabata awiri, nkhani yatha. Imapirira madzi mpaka mamita 100, bola kachotsekera ka m'mbali kakhale komangitsa.

Za kusunga nthawi ndilibe zambiri zonena. Makina ake, otchedwa 3235, safuna batire, amadzipatsa mphamvu ndi kugwedezeka kwa mkono. Opanga amalonjeza kuti siipitirira masekondi awiri patsiku, kutsogola kapena kutsalira, ndipo yanga imatsogola pafupifupi sekondi imodzi. Ndikaivula Lachisanu madzulo, Lolemba m'mawa ndimaipeza ikuyendabe, poti imasunga mphamvu ya maola 70. Deti yokha ndiyo imafuna dzanja langa mwezi ukakhala wosafika masiku 31, ndipo mu Julayi ndinayenda tsiku lathunthu ndi deti yolakwika, n'kusainira nayo mapepala.

Mu Okutobala ndinapita kumudzi ku Salima. Amene anakhalako nyengo imeneyo akudziwa kutentha kwake. Mkono unatupa, lamba n'kuyamba kuluma. M'kati mwa chomangira muli kachidutswa kotchedwa Easylink kamene kamatalikitsa lamba ndi mamilimita 5 popanda chida chilichonse. Pogula ndinkakaona ngati kachabechabe, koma ndi komwe kanachititsa kuti wotchi ikhale pamkono sabata yonseyo.

Panali tsiku limodzi lokha lomwe ndinaivula dala. Kunagwa maliro pamudzi woyandikana nawo, ndipo tili m'njira malume anayang'ana mkono wanga osalankhula kanthu. Ndinamva. Ngakhale golide wofiirira ndi wofatsa, padzuwa amaphethira, ndipo pasiwa, anthu atakhala pansi pamphasa, si malo ake. Inalowa m'thumba. Ya chitsulo chokhachokha ikanadutsa popanda woicheukira, ndipo amene akufuna wotchi imodzi yovala paliponse aganizirepo bwino pamenepa. Kuno ku Johannesburg nakonso pamaloboti ndimatsitsa mkono wa malaya, ndipo inshuwalansi ndinaidula ndisanatuluke nayo m'sitolo. Ndalama imeneyo muiwerengere pamtengo wa wotchi, chifukwa imabwera chaka ndi chaka.

Kodi ndikanagula ya mamilimita 41? Ayi. Pamkono wanga 36 imakwana, ndipo golide akachuluka malo, kufatsa komwe ndinaikondera kukanatha.

Mwezi watha ndinalowa kwa wokonza mawotchi wina kukagula lamba wa wotchi yakale ya bambo. Ataona yangayi anati atha kuipukuta kuti ibwerere ngati yatsopano. Ndinamufunsa kuti timizereto timapita kuti. Anaseka n'kuvomera kuti kupukuta n'kupala golide pang'ono pamwamba, ndipo wopalidwayo sabwereranso. Ndinalipira lamba wa bambo n'kutuluka, timizere tanga tili pomwepo.