Schizophrenia: mapiritsi a tsiku lililonse kapena jakisoni?

Schizophrenia ndi matenda aakulu a ubongo. Wodwala amamva mawu a anthu omwe palibe, kapena amakhulupirira kuti ena akumulondalonda. Ku Blantyre, odwala ambiri amaonedwa kuchipatala cha Queen Elizabeth, ndipo mankhwala ake alipo a njira ziwiri.

Mapiritsi monga chlorpromazine, haloperidol ndi risperidone amamwedwa tsiku ndi tsiku. Akayamba kuvuta m'thupi, dokotala amachepetsa mlingo msanga. Chlorpromazine amagonetsa komanso amachititsa chizungulire munthu akaimirira mwadzidzidzi, n'chifukwa chake ambiri amamwa usiku. Vuto lenileni ndi kusiya: munthu akangopezako bwino amati wachira, mawu aja n'kubwereranso patapita masabata kapena miyezi.

Jakisoni wa fluphenazine decanoate amabayidwa m'thako, kawirikawiri 25 mg pa masabata 2 mpaka 4 alionse. Poyamba amabaya 12.5 mg yokha kuti aone mmene thupi likulandirira, poti mankhwalawa akalowa sangatulutsidwenso. Akaumitsa khosi ndi nsagwada kapena kunjenjemeretsa manja, dokotala amaperekanso mapiritsi a benzhexol ochepetsa vutoli.

Kwa amene wasiyapo mapiritsi kangapo, jakisoni ndiye wabwino, bola ndalama ya minibasi yochokera ku Bangwe kapena ku Chirimba isamasowe tsiku lokabayitsa.